KWANU NKUTI?

Pali funso limene munthu wokhala m'tauni sangathe sabata osafunsidwa. Mukakhala pa mzere ku banki, mukakwera minibasi, kapena mukakhala pa benchi ku chipatala, mnzanu wapambali akangotha kupereka moni, chotsatira nchakuti, "Kodi kwanu nkuti, bambo?" Ine funso limeneli ndakhala ndikuliyankha zaka zambiri, mwakuti lilime langa limayankha lokha ndisanaganize nkomwe: "Kwathu nku Chiradzulu." Ngakhale mu 2017, pamene tonse tidapita kukalembetsa ziphaso za unzika, ndidatchula mudzi, mfumu yaikulu ndi boma monga momwe ndidaphunzirira ndili mwana. Komatu ndikaŵerenga bwino, ku Chiradzuluko ndidakhalako zaka 19 zokha. Nyumba imene ndikulemberamo mau ano, m'kamdadada kena ka ku Area 18 mu mzinda wa Lilongwe, ndidaloŵamo mu 1976, ndipo sindidasamukemo mpaka lero lino.

Achinyamata amene adabadwa mzindawu utakula kale sangamvetse m'mene malo ano analiri. Likulu la dziko lidachoka ku Zomba kudza ku Lilongwe mu 1975, bungwe la Capital City Development Corporation, limene lidakhazikitsidwa mu 1968, litayamba kale kulambula miseu ndi kumanga maofesi ku Capital Hill. Pa kalembera wa mu 1966, Lilongwe yense anali ndi anthu osakwana 20,000. Pa kalembera wa mu 1977 adayandikira 99,000, ndipo wa mu 2018 adapeza anthu 989,318. Ife tinali m'gulu la oyambirira aja: makalaliki, madalaivala, amesenjala ndi otaipa makalata, amene tidatsatira maofesi athu pa malole, mipando ndi mphasa zili pamwamba, ana atakhala pa matumba a ufa. Tidapeza miseu yotakata ikudutsa m'thengo, ndi malo opanda maina koma manambala okhaokha, manambala ake osatsatananso: 18 wayandikana ndi 30 ndi 49. Kwa munthu wochokera ku Zomba, kumene ankadziŵa Chikanda, Chinamwali ndi Sadzi, kukhala pa nambala kunkamveka ngati kugonekedwa m'chipatala, kumene munthu amangodikira tsiku lotuluka.

Kamdadada kathu nkakang'ono ndithu: nyumba 12, zisanu ndi imodzi mbali ino, zisanu ndi imodzi mbali inayo, ndi kamseu pakati kamene kamakathera pa ngalande. Nyumbazo zinali zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, kotero kuti mwezi woyamba ana ankaloŵa m'nyumba za eni ake, ndipo bambo wina, amene ankakonda kuchedwerako pa tsiku la malipiro, adagogodapo usiku pa zitseko zitatu asanapeze chake.

Panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene ankaganiza zokhalitsa. Tinkati tabwera kudzagwira ntchito, ndipo mlendo ndi mame. Mwezi ukatha, aliyense ankapatula kangachepe kotumiza kumudzi, ndipo malata a nyumba yakumudzi tinkagula limodzilimodzi nkumaŵasunga kunsi kwa bedi. Ndikukumbuka kuti mvula yoyamba ya mu 1977 itagwa, ndidapeza akazi anga akukwirira njere ya mango kuseri kwa khitchini, pafupi ndi malire a nyumba yathu ndi yoyandikana nayo. Ndidaseka, nkunena kuti, "Amai, mukubzalira yani? Pofika nthaŵi yoti ubale, ife tidzakhala tili kwathu." Iwo osadzutsa nkomwe mutu adangoti, "Wodya adzapezeka, bambo." Mtengo umenewo lero munthu mmodzi sangaukumbatire.

Tinkaitanana potsata ntchito kapena kochokera. Kumanja kwathu kunali Aphunzitsi a ku Rumphi, kumanzere Anamwino a ku Ntcheu, moyang'anana nafe Adalaivala a ku Nsanje, ndipo kumapeto, pafupi ndi ngalande, Amesenjala a ku Mangochi, amene mpunga wao wa pa Idi unkafika pa khomo lililonse. Kunena zoona, ife amuna m'kamdadadamu tinkangogonamo. Tinkalaŵira m'mamaŵa, kubwera madzulo, kupatsana moni pa mseu, basi. Amene adasandutsa nyumba 12 zija kukhala mudzi ndi amai. Kuseri kwa nyumba kudabadwa kanjira kamene sikanali pa mapu a amisiri, kochokera pa khomo la khitchini ina kukafika pa lina, kodutsa m'mipata ya mipanda yamaluŵa. Pa kanjira kameneko pankadutsa mchere, khala lamoto, sefa, lichero, kambale ka ndiwo za wodwala, ndiponso, tisabise, miseche. Ana nawo ankadya nsima paliponse pamene dzuŵa la masana laŵapezera, ndipo onse, wa ku Rumphi ndi wa ku Nsanje yemwe, adakula akulankhula Chicheŵa chimodzi cha m'tauni chimene agogo ao kumudzi ankachiseka.

Musaganize kuti tinkangokhalira kumwetulirana. Tidakanganapo pa nkhuku zofukula mbeu, pa madzi otsukira mbale oyenderera ku khomo la wina, pa wailesi yosokosera usiku, ndi pa ana omenyana chifukwa cha mpira wachikulunga. Kumudzi zotere zimapita kwa ankhoswe kapena kwa nyakwaŵa, koma ife tinalibe bwalo, tinalibe mfumu, tinalibe ngakhale nkhalamba yoti nkutidzudzula, pakuti tonse tinali a msinkhu umodzi. Chimene chinkathetsa milandu yathu chinali mtondo. M'kamdadada monse munali mtondo umodzi wokha, waukulu, umene akazi a Adalaivala adabwera nawo kuchokera ku Chigwa cha Shire. Mai wokwiya ankatha kusunga mkwiyo wake Lolemba mpaka Lachisanu, koma pofika Loŵeruka, nsinjiro zikufunika, ankayenera kudutsa pa kanjira kaja, kupereka moni pa khomo lililonse mpaka kukafika kumene mtondo wagona. Ndaona milandu yambiri itatha motero, popanda wina kunena kuti pepani.

Tsiku loyamba limene ndidazindikira kuti funso lija la kwanu nkuti lili ndi mano linali mu 1989. Chaka chimenecho kudatuluka lamulo lakuti mphunzitsi aliyense akaphunzitse m'chigawo cha kwao. Aphunzitsi a kumanja kwathu anali atakhala nafe zaka 13. Ana ao atatu adabadwira pomwe pano, ndipo Chitumbuka ankangochimva, osatha kuchiyankha. Lole idafika m'maŵa wina kudzanyamula katundu. Masiku amenewo munthu ankayamba wayang'ana uku ndi uku asanatsekule pakamwa, ndipo ine, kalaliki wa boma wokhala ndi ana asanu, ndidaima kuseri kwa katani nkumasuzumira. Sindidatuluke. Ndikulemba zimenezi ndi manyazi, chifukwa bambo ameneyo ndiye adaphunzitsa mwana wanga woyamba masamu madzulo aliwonse osalandira ngakhale tambala. Akazi anga adatuluka masanasana, lichero la mtedza wokazinga lili pamutu, nakathandiza kumanga mitolo, nakumbatirana ndi mnzao uja pakati pa mseu, onse aŵiri akulira mokweza. Atabwerera m'nyumba sadandinene kanthu. Adangondiyang'ana, nkupitirira ku khitchini.

Kenaka zidafika zaka za maliro. Amene adakhala m'tauni pakati pa 1990 ndi 2004, chaka chimene mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa ulere, akudziŵa chimene ndikunena. Edzi idaloŵa m'kamdadada kathu monga idaloŵera kwina konse, ndipo siidasankhe chigawo. Apa mpamene tidaphunzira kuchita tokha zimene kumudzi amachita akuluakulu. Zovuta zikagwa, anyamata ankathyola nthambi nkuziyala pa mseu kumene kamdadada kamayambira. Mipando inkatuluka m'nyumba zonse. Amai ankadzaza m'nyumba ya siwa, amuna tinkachezera panja pa moto wa zitsa, ndipo mbaula zonse 12 zinkasonkhana pa khomo limodzi. Popeza ine ndinali kalaliki, adandipatsa udindo wosunga kope la chipepeso: dzina, nyumba, ndalama kapena ufa umene munthu wapereka. Makope amenewo ndikali nawo, anai, m'sutukesi ya pansi pa bedi momwe kale munkakhala malisiti a malata.

Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene tidamuika kuno. Maliro onse ankapita kwao. Ngakhale manda a mzinda ali pompano ku Area 18, ulendo wapansi, tinkaŵaona ngati malo a anthu osoŵa abale. Kuika munthu m'tauni kunali ngati kumtaya.

Mu 1995 adatisiya Adalaivala, ndipo ine ndinali mmodzi mwa anthu asanu ndi mmodzi a m'kamdadada amene tidaperekeza thupi. Tidanyamuka dzuŵa litapendeka, pa lole ya ku ntchito kwao, bokosi lili pakati, amai atakhala molizungulira. Tidadutsa Dedza kukuzizira, Ntcheu usiku, tidaoloka Shire pa Zalewa, ndipo m'bandakucha tinali mu Blantyre. Kuchoka apo tidatsika zitunda zokhotakhota za ku Chikwawa, kuolokanso Shire yemweyo, kudutsa minda ya nzimbe ya ku Nchalo, Ngabu, Bangula, kutentha kukunka nikukula, mpaka tidapatuka pa kamseu kafumbi. Anthu akumudziko adatilandira mwaulemu waukulu, ndipo sindingaŵanenere choipa chilichonse. Adzukulu anali atakumba kale, nsima inali itapsa, ndipo zonse zidayenda mwa mwambo wake.

Chimene chidandikhudza chidachitika pa nthaŵi ya mbiri ya malemu. Adaimirira mkulu wao wa Adalaivala, nkhalamba yoyenda ndi ndodo. Adatchula chaka chobadwa, adatchula makolo, adatchula sukulu ya mishoni kumene malemu adalekezera, nati, "Kenaka adapita ku ntchito." Atatero adakhala chete. Adayang'ana pansi, nayang'ana kwa abale ake, koma panalibe woti amthandize. Zaka zoposa 30 za moyo wa munthu zidathera m'mau anai amenewo. Tsono nkhalamba ija idatembenukira kumene tidakhala ife, niti, "Kapena alendo a ku Lilongwe ali ndi mau."

Anzanga adandikodola, ndipo ndidaimirira osakonzeka. Ndidanena zimene ndinkadziŵa. Ndidati bambo ameneyu ndiye ankadzutsidwa pakati pa usiku mai aliyense wa m'kamdadada akayamba kumva m'mimba, ndipo ankathamanga kukafuna galimoto osadandaula, kotero kuti theka la ana athu adafika ku chipatala ali m'manja mwake asanabadwe. Ndidati ankakonza njinga za ana Lamulungu masana, ankaŵeta nkhunda, sankadya thelere, ndipo akaseka ankagwira pamutu ndi manja onse aŵiri. Pamene ndinkalankhula ndidaona anthu akumudzi akumvetsera monga m'mene munthu amamverera nkhani ya mlendo wochititsa chidwi. Amene ankalira pomva zimenezi anali amai a pa lole aja: wa ku Ntcheu, wa ku Mangochi, wa ku Zomba. Pambuyo pake adatiwonetsa nyumba imene malemu adamanga, yanjerwa zootcha, yamalata 24 amene ine ndidathandizapo kukweza pa basi. Adagonamo masiku osakwana mwezi pa moyo wao wonse. M'chipinda chimodzi munali mbuzi.

Pobwerera, lole ili pululu, palibe amene adalankhula mpaka tidakwera zitunda zija. Ine mumtima ndinkaŵerenga malata anga.

Nyumba inali ya ntchito, choncho patapita miyezi yoŵerengeka amai amasiye aja adayenera kutuluka. Tsiku losamuka adagubuduza mtondo uja kuoloka mseu, naugoneka pa khomo la khitchini yathu. Adati, "Alamu, uwu ukhale konkuno. Kwathu mitondo iliko yambiri."

Munthu akadayembekeza kuti ulendo wa ku Nsanje udandiphunzitsa kanthu. Koma chaka chotsatira chomwe ndidachita chinthu chimene ndimachiyesa cholakwa chachikulu pa zonse zimene ndidachita pa malo ano. Umbava unali utakula m'mizinda. Ena mwa ife tinali titapeza mwai wogula nyumba zimene tinkakhalamo, ndipo munthu akagula chinthu amayamba kuchiwopera. Nyumba ya pakona itathyoledwa kaŵiri, mipanda yamaluŵa idayamba kuzulidwa, m'malo mwake nkumakwera makoma a njerwa okhala ndi mabotolo osweka pamwamba. Nanenso ndidaitana mmisiri. Akazi anga sadakane khomalo, koma adapempha chinthu chimodzi: kuti mbali ya kwa Anamwino tisiyeko kachitseko kakang'ono, pamene pankadutsa kanjira kaja. Mmisiri adati kachitseko nkomwe mbala zimaloŵera, ndiponso felemu ndi loko zikweza mtengo. Ine ndidamvera mmisiri. Tidadulanso nthambi yaikulu ya mango imene inkagwera kwa Anamwino, imene ana ao adakulira akuthyola, chifukwa ati munthu angakwerepo nkutsikira kwathu.

Khoma litatha, kupita kwa Anamwino, kumene kale kunali mapazi khumi, kudasanduka ulendo: kutsekula geti, kutuluka pa mseu, kugogoda pa geti lina, kudikira. Mchere sungayende ulendo wotero. Koma tsiku lina madzulo ndikuchokera ku ntchito ndidamva kuseka kuseri kwa nyumba. Nditazungulira ndidapeza akazi anga atavundikira mtondo uja m'tsinde mwa khoma, pamalo pamene adachotsapo mabotolo atatu ndi munsi, ataimirira pamwamba pake. Kutsidya kunkaoneka mutu wa Anamwino okha, nawonso atakwera pa kreti ya mabotolo. Mtondowo unali utayamba kale kung'aluka, ndipo anthu onse anali atazoloŵera chigayo, tsono udapeza ntchito yatsopano. Adacheza motero, mitu yokhayokha, zaka 24.

M'zaka zimenezo kamdadada kadasintha ndithu. Anzathu oyamba aja ena adapuma pa ntchito nabwerera kwao, ena adamwalira, ena adagulitsa. Kuseri kwa nyumba zambiri kudamangidwa tinyumba ta lendi, ndipo mumaloŵa achinyamata amene amatuluka m'maŵa pa galimoto magalasi ali otseka. Mseu wa ku Area 49 udakuzidwa, ndipo chapafupi pomwepa padamangidwa bwalo lalikulu la maseŵera la Bingu National Stadium, limene lidatsekulidwa mu 2017, mwakuti kukakhala mpira phokoso limafika mpaka pa khonde langa. Mdzukulu wanga adandiloŵetsa m'gulu la pa WhatsApp la anthu a m'kamdadada, m'mene timakumbutsana za ndalama za alonda ndi za zinyalala. Ndinkadziŵa manambala a mafoni a anthu amene nkhope zao sindikadazizindikira pa msika. Ndinkadandaula kaŵirikaŵiri kuti mudzi wathu udatha, osakumbuka kuti njerwa zina za kutha kwakeko ndidagula ndine.

Mu Januwale 2021 matenda a Covid-19 adabweranso mwaukali. M'sabata imene nduna ziŵiri za boma zidamwalira tsiku limodzi, akazi anga adayamba kutsokomola. Bwalo lamaseŵera lija adalisandutsa chipatala, ndipo usiku m'malo mwa phokoso la mpira tinkamva ma ambulansi. Ana athu anali kutali, wina ku Mzuzu, aŵiri ku Blantyre, wina ku Johannesburg, ndipo wotsala anali atadwala yekha. Panalibe woti nkuloŵa m'nyumba mwathu, ndipo sindikadalola kuti wina aloŵe. Ine, munthu amene sindidaphikepo phala chikwatire, ndidatsala ndekha ndi wodwala kuseri kwa khoma langa lolimba lija.

M'maŵa wa tsiku lachiŵiri ndidamva mau kuseri: "Achimwene! Achimwene, tabwerani kuno." Anali Anamwino, mai wa zaka zopitirira 70, atakwera pa kreti yao, nsalu itaphimba pakamwa ndi mphuno, atanyamula bakuli la phala. Kwa nthaŵi yoyamba ndidakwera pa mtondo uja. Adandipatsira bakulilo pamwamba pa khoma, nandiwuza m'mene ndingamgonekere wodwala chafufumimba, ndi m'mene ndingaŵerengere mpweya wake pa mphindi imodzi ndikuyang'ana wotchi. M'maŵa ndi madzulo ankabwera, ine nkumaŵauza chiŵerengero. Tsiku lachinai nditatchula nambala, adakhala chete pang'ono, kenaka adati, "Achimwene, lero musazengereze ai." Adalemba uthenga pa gulu la pa foni lija, ndipo pasanathe mphindi khumi galimoto idaima pa geti. Woyendetsa anali mnyamata wa lendi wa ku nyumba yakumapeto, kumene kale kunkakhala Amesenjala. Ndinali ndisanalankhule naye chiyambire. Adatsekula magalasi onse, natinyamula, ndipo adakana ndalama ya mafuta.

Akazi anga adatsikira kuli chete patapita masiku anai. Malamulo a nthaŵi imeneyo sankalola kusunga thupi kapena kusonkhana anthu ambiri, tsono za ulendo wa kwao ku Zomba sizidakambidwe nkomwe. Tidaŵaika ku manda a ku Area 18, manda omwe aja tinkati nga anthu osoŵa abale. Tidalipo anthu oŵerengeka, otalikirana, ndi aŵiri atatu a mumphakati amene adatsogolera mapemphero mwachidule. Pobwerera kunyumba ndidapeza nthambi zaziŵisi zitayalidwa pa mseu poloŵera m'kamdadada. Sindidziŵa adayala ndani. Madzulo ake mtsikana wina wa nyumba yachitatu adakankhira envelopu pansi pa geti. M'katimo munali pepala lolembedwa bwino: dzina, nyumba, ndalama, ndipo nyumba zonse 11 zinalipo, pamodzi ndi a tinyumba takuseri. Adalemba monga momwe ine ndinkalembera, ngakhale kuti makope anga sadaŵaonepo.

Tsono nayi nkhani imene yandikhalitsa pansi kuti ndilembe. Kwathu ku Chiradzulu, monganso kwao kwa akazi anga, mtundu umatsata kuchikazi. Mwamuna ndi mkazi angakhale pamodzi zaka 50, koma mwa mwambo aliyense amakagona kwa amai ake. Kukadapanda matenda aja, iwo akadapita ku Zomba, ine nkudzapita ku Chiradzulu, ndipo palibe akadaona chachilendo. Koma tsopano iwo ali pano, ulendo wa theka la ola pa miyendo yanga yokalambayi, ndipo Loŵeruka lililonse ndimapitako kukazula udzu.

Mwezi wa Ogasiti wapitawu kudabwera mwana wa mlongo wanga, bambo wamkulu ndithu tsopano, wotumidwa ndi mbumba. Adagona masiku aŵiri asanatchule chimene adadzera. Usiku wachiŵiri, titatha kudya, adati, "Amalume, kumudzi akuti mubwerere. Nyumba yanu chiswe chayamba kudya mitengo ya denga. Inu ndinu mwinimbumba, milandu ya minda ikutikulira, ndipo ife tikusoŵa wotiwuza malire. Kuno mukudikira chiyani? Mukadzagwa kuno, adzakuikani pa mzere pakati pa anthu osaŵadziŵa, pa malo ogula ndi ndalama. Agogo adagona kwathu, ndipo malo anu alipo pambali pao. Kwanu nkwanu, amalume, m'thengo mudalaka njoka."

Sindidathe kumtsutsa, chifukwa zonse zimene adanena nzoona. Manda a m'tauni amadzaza motsata tsiku, ndipo pambali pa akazi anga padagona kale ena, kumanja ndi kumanzere. Ngakhale nditaikidwa kuno, sindidzakhala pafupi nawo monga m'mene mtima umafunira. Nzoonanso kuti abale anga adandisungira malo zaka zonsezi, adalima munda wa amai anga, ndipo sadandiŵerengere kuti ndidaŵasiya. Ubale ndi fupa, suola. Koma pamene iye ankalankhula, ine ndinkaona nkhalamba ya ku Nsanje ija itagwira ndodo, ikuyang'ana uku ndi uku. Ndidadzifunsa kuti tsiku langa likadzafika, mwana wa mlongo wangayu akadzati "kenaka adapita ku ntchito," adzatembenukira kwa yani? Pa anthu asanu ndi mmodzi a pa lole ija, tatsala aŵiri, ndipo winayo sangathenso ulendo wa ku Chiradzulu.

Ndidamuuza kuti ndamva, ndipo andipatse nthaŵi. M'maŵa mwake ndidamperekeza kukakwera basi, nditampatsa ndalama ya mankhwala a chiswe ndi ya mitengo iŵiri ya denga.

Madzulo a tsiku lomwelo ndidamva kukhosomola kuseri kwa khoma, chizindikiro chathu cha masiku ano. Mtondo uja udang'aluka kwambiri, ndidaumanga ndi waya, ndipo pokwera ndimayamba ndagwira khoma ndi manja onse aŵiri. Anamwino anali atafika kale pa kreti yao.

"Alendo apita, achimwene?"

"Apita, achemwali."

"Nanga mwaŵayankha chiyani?"

"Ndati ndiganize."

Adagwedeza mutu, osafunsanso zambiri. Kenaka adaloza m'mwamba. Pa chitsa cha nthambi imene tidadula mu 1996 padaphuka nthambi zina kalekale, ndipo imodzi yakula mpaka kudutsa pamwamba pa khoma. Inali itachita maluŵa thoo, njuchi zili ng'waa.

"Chaka chino yaolokeranso kuno," adatero. "Mukaitana anyamata odula mitengo aja, imeneyi aisiye. Adzukulu anga akubwera pa Khirisimasi."